Git ikungoti "Binary files differ" pa fayilo ya Scratch

Mwafunsa kuti pulojekiti yanu ya Scratch mumaisunga mu Git, koma mukafuna kuona chomwe chasintha pakati pa ya dzulo ndi ya lero, imangokuyankhani kuti "Binary files differ" basi. Git sinalakwe. Fayilo ya .sb3, momwe Scratch imasungira pulojekiti, ndi zip yongovala dzina lina. Mukaitsegula mupezamo zithunzi, mawu, ndi project.json, momwe muli mabuloko anu onse. Ndiye muiuze Git kuti izitsegula kaye zipiyo isanafananitse.

Mu .gitattributes, fayilo youza Git mmene izichitira ndi mitundu ya mafayilo, lembani mzere uwu:

*.sb3 diff=sb3

Kenako pangani kasikiripiti kotchedwa sb3text.sh, mulembemo izi:

unzip -p "$1" project.json | jq -S .

Mukapange chmod +x sb3text.sh kuti kasikiripitiko kazitha kuyenda, kenako git config diff.sb3.textconv ./sb3text.sh. Musaisiye jq, kapulogalamu kosanja mafayilo a JSON ngati project.json. Scratch imalemba project.json yonse pamzere umodzi wautali, moti popanda jq mudzangouzidwa kuti mzere umodzi wasintha, kutanthauza fayilo yonse. Ka -S kamasanja mayina kuti azikhala malo omwewo nthawi zonse.

Apa ndiye pamene mutu umayambira kupweteka, chifukwa diff, mndandanda wa zomwe zasintha, ituluka koma yodzaza zinyalala. Buloko lililonse lapamwamba pa mulu lili ndi x ndi y, malo ake pasikirini. Mukangokoka mulu pang'ono, kapena kudina Clean up Blocks, manambalawa amasintha onse ngakhale pulogalamu ili chimodzimodzi. Achotseni polowetsa izi m'malo mwa kadontho ka jq:

'.targets[].blocks[] |= (if type=="object" then del(.x,.y) else . end)'

Musafufute x ndi y paliponse mwachisawawa, chifukwa sprite nayo ili ndi zake, ndipo zimenezo nthawi zina mumazifuna. Chinanso, Scratch imasunga zomwe zili m'ma variable panthawi yosevayo. Mwasewera gemu, score yafika 40, mwaseva: diff idzati pali kusintha. Zolowerani kubwezera zonse poyambira musanaseve.

Chomwe jq singakonze ndi ma ID. Buloko lililonse lili ndi dzina lachisawawa, ndipo mabuloko amagwirana kudzera mu "next" ndi "parent". Mukafufuta mulu n'kuupanganso ndendende, kapena kuukopa kupita ku sprite ina, umalandira ma ID atsopano, ndiye diff imaoneka ngati mwagwetsa nyumba yonse. Zikatero yang'anani "opcode" ndi "fields", muona kuti motion_movesteps ndi yomweyo.

Dziwaninso kuti textconv, njira yomwe takhazikitsa ndi git config ija, ndi yongoonera. Anthu awiri akasintha .sb3 imodzi, Git siingaphatikize ntchito zawo. Gawanani ma sprite, aliyense azitulutsa yake ngati .sprite3, mmodzi yekha ndiye azilowetsa mu pulojekiti yaikulu.

Amene muli pa LabVIEW, pulogalamu ina yopangira mapulogalamu ndi zithunzi, njira iyi siikuthandizani, poti fayilo yake ya .vi (VI) si zip yokhala ndi JSON. Gwiritsani ntchito LVCompare.exe, muonjezere -nobdpos ndi -nofppos kuti isawerengere zinthu zongosuntha malo. Ndipo chongani Separate compiled code from source file, apo ayi VI idzaoneka ngati yasintha chifukwa chongokompailidwanso.