Pepo wasanduka matope: yankho kwa aphunzitsi a ku Namwera

Aphunzitsi ena a ku Namwera alemba kalata yodandaula. Ankafuna inki ya pepo yochongera makope. Anathira inki yofiira ya padi ya sitampa ya mu ofesi mu peni yawo yothira inki, momwe munali kale inki ya buluu wakuda, ndipo pa masiku awiri peni inatsekeka. Zomwe zimatuluka ndi zofiirira ngati madzi a Shire nthawi ya dzinja. Akufunsa ngati inki zimasakanizika n'komwe.

Zimasakanizika, aphunzitsi. Koma kalata yanu yandiwawa, chifukwa peni zabwino zambiri zikutayidwa pa vuto lomweli, eni ake n'kumati peniyo inali yabodza, pomwe cholakwa chinali botolo. Pa shelefu ya sitolo pa Mangochi boma, chilichonse cholembedwa kuti inki chimaikidwa pamodzi: ya sitampa, ya pulinta, yojambulira, ya ma marker. Mwa zonsezi palibe yoyenera kulowa mu peni yothira inki, ija amati fountain peni. Inki ya sitampa inapangidwa kuti isaume pa padi, ndiye ili ndi gilisalini wambiri, ina ili ndi mafuta enieni. Yojambulira, ija amati India ink, nthawi zambiri imakhala ndi shellac, utomoni umene ukauma susungunukanso ndi madzi. Pansi pa nibu, kansonga kachitsulo kolembera kaja, pali kampata kopyapyala ngati tsitsi komwe inki imadutsa. Kakatsekeka ndi utomoni, peni yatha. Wogulitsa amene akupereka botolo la sitampa kwa munthu wonyamula peni m'manja akumulakwira, ngakhale atakhala kuti sakudziwa.

Ngakhale mukanatenga inki yofiira yeniyeni ya peni, mwina mukanagwabe m'vuto, chifukwa cha buluu wakuda uja. Inki za peni zili m'mabanja atatu. Zambiri ndi utoto wosungunuka m'madzi, monga Parker Quink, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1931, Pelikan 4001 Royal Blue ndi Waterman. Zina ndi timchenga tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, monga Platinum Carbon Black. Zachitatu ndi za chitsulo, zotchedwa iron gall, monga Diamine Registrar's ndi Rohrer & Klingner Salix, ndipo mabotolo ena a buluu wakuda ali m'banja limeneli ngakhale salemba poyera. Mumazizindikira polemba: zimatuluka zotuwa, kenako n'kumada papepala zikakumana ndi mpweya. Zimenezi zili ndi asidi, ndipo asidiyo ndi amene amasunga chitsulocho chosungunuka. Mukathiramo inki yopanda asidi, chitsulo chimadikha pansi ngati nsenga.

Nkhani ya asidi imakhudzanso inki za utoto zokhazokha. Zambiri za ku Ulaya zimapendekera ku asidi, pomwe zambiri za ku Japan, za Pilot ndi Sailor, zimapendekera ku soda. Zikakumana, utoto wina umasintha mtundu, wina umagwirana n'kukhala ngati phala. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti woyamba kumene asakanize inki za kampani imodzi, za mzere umodzi. Platinum ili ndi mitundu 9 yomwe inapangidwira kusakaniza, De Atramentis Document nazonso zimasakanizika zokhazokha. Noodler's Baystate Blue isayandikire inki ina iliyonse kupatula za Baystate zinzake. Anthu ena amati kusamala kotere n'kuchulutsa gaga m'diwa, amasakaniza chilichonse ndipo zimayenda. Zimayendadi kanayi, kachisanu peni ya bambo awo n'kufa.

Tsono matope aja. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti kufiira ndi buluu zimabala pepo, ndipo pa inki chiphunzitso chimenechi chimasocheretsa. Inki zofiira zambiri zili ndi chikasu mkati. Buluu, kufiira ndi chikasu zikakumana zonse zitatu, chotuluka ndi bulauni. Mungazione nokha: dulani kapepala ka tishu kapena kosefera khofi, dontheza­ni inki pafupi ndi m'munsi, viikani nsonga yokha m'madzi. Pa mphindi 10 madzi akamakwera, mitundu yobisika imasiyana, pinki kwake, chikasu kwake. Yesani ndi inki yakuda, mudabwa kuona buluu ndi pepo zikutuluka. Mitundu yeniyeni yoyambira ndi imene ili mu pulinta: buluu wowala ngati nyanja ku Cape Maclear masana, pinki wakupsa, ndi chikasu. Amene ali ndi mabotolo a inki ya peni a mitundu itatuyi ndi lakuda limodzi ali ndi pafupifupi mtundu uliwonse.

Madzi nawo ndi nkhani. Kuti mtundu uwale mumasungunula ndi madzi, koma osati a m'nyanja, omwe ali ndi tizilombo, kapena a pa mjigo, omwe m'madera ena kuno ndi amchere ndipo mcherewo umagwirana ndi utoto. Gulani madzi otchezedwa, aja owonjezera mu batire ya galimoto, ndipo muwerenge bwino botolo kuti si asidi wa batire. Musapitirire gawo limodzi la madzi pa magawo atatu a inki. Mu inki muli mankhwala oletsa chuku ndi ena othandiza kuti iziyenda, ndipo madzi akachuluka onsewa amafooka. Ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno, inki yosungunulidwa kwambiri imachita chuku msanga, n'kumatuluka timaulusi toterera. Yotere itayeni. Kutentha komweku kumaumitsanso madzi mu peni yomwe yangokhala sabata ziwiri, ndiye mtundu womwe munaukonda umada. Pepala la makope a ana nalo limamwa inki ngati thonje, mtundu umaoneka wakuda kuposa pa pepala losalala, choncho muziyesera pa pepala lomwe mudzalembepo.

Kasakanizidwe kake

Pezani sirinji yatsopano ya 1 ml kapena 5 ml ku famase, ndi timabotolo tagalasi totsuka bwino tokhala ndi zotsekera. Musasakanizire mu peni kapena mu botolo lalikulu. Pangani 2 ml yokha poyamba. Madontho 20 ndi pafupifupi 1 ml. Yambani ndi mtundu wowala, wakuda muziwonjezera dontho limodzilimodzi, chifukwa dontho lakuda likalowa silibwezeka. Tsukani sirinji musanaiviike mu botolo lina, ndipo lembani muyeso uliwonse pomwepo.

Pepo: pinki magawo 3, buluu wowala gawo 1. Ngati muli ndi buluu wamba ndi yofiira basi, yesani buluu 4 ndi yofiira 1, mupeza pepo wakuda wosawala koma woti n'kuchongera. Wobiriwira: chikasu 4, buluu wowala 1. Buluu wakuda wanuwanu: buluu 8, yakuda 1. Bulauni: chikasu 3, yofiira 2, kenako yakuda kadontho. Miyeso iyi ndi poyambira, poti mphamvu ya utoto imasiyana botolo ndi botolo.

Tsekani, ikani pamthunzi maola 48, kenako pendeketsani kabotolo poyang'ana kuwala. Mukaona zodikha pansi, zoterera kapena fungo lachilendo, tayani. Ngati ili bwino, viikani kamtengo ka machesi mulembe, mudikire iume, chifukwa mtundu wonyowa ndi wouma sufanana. Ikatero ilowe mu peni yotsika mtengo sabata imodzi isanafike mu yabwino.

Peni yanu yotsekekayo mwina ipulumuka. Masulani chigawo cha nibu, chiviikeni usiku wonse mu kapu ya madzi ozizira momwe mwadontheza dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale, m'mawa mupope madzi oyera ndi sirinji kuchokera kumbuyo mpaka atuluke oyera. Bwerezani masiku atatu ngati mafuta akadalipo. Nsenga za chitsulo zikakanirira, viikani ola limodzi mu viniga gawo 1 ndi madzi magawo 10, n'kutsukuluza bwino. Madzi otentha, spiriti ndi thina ayi, zimapinda kapena kusungunula pulasitiki. Imikani nibu pa tishu usiku umodzi kuti madzi otsala atuluke musanathiremo inki yatsopano.