Ine za mabandi atsopanowa zinandiwawa chaka chatha

Achimwene, nkhani mwalemba mugulu munoyi, yoti mukusaka mabandi atsopano shoo yomwe mukufuna kupitako isanafike, mwanditokosola nayo pachilonda. Chaka chatha mu June kunali kachikondwerero ka nyimbo ngati kanuko pa Dedza boma, ine mwezi wathunthu kutha bandulo pa Facebook ndi YouTube kusaka dzina lililonse la pa positala, mpaka ndinakopeka ndi anyamata atatu a cha ku Tsangano, babatoni (chigitala chachikulu cha besi) wokhoma okha, banjo ya chigubu, ng'oma yoponda ndi chidendene. Kavidiyo kake kojambula pa foni kuseri kwa matumba a kachewere koma mawu ake eee, ndinati iyi ndi Madalitso Band ina, paja nawonso aja anayambira mumsewu ku Lilongwe kenako 2017 tikumva ali ku Zanzibar pa chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara.

Ndinakwera minibasi pa Ntcheu masana, pa Lizulu kuima mpaka kalekale kudikira anthu, kufika pageti nkulipira. Positala imati anyamatawo 7 koloko. 7 inadutsa, 10 inadutsa, DJ akungobwereza amapiano omwewo a pa flashi. Kuzizira kwa ku Dedza mu June mumakudziwa, ine kajuzi kopyapyala, mano akungogundana, zala zosagwira ndi foni yomwe. 1 koloko usiku ndi pomwe anawaitana, babatoni atangolira kawiri magetsi azima, mdima bii, jenereta ati ilibe mafuta. Mkulu wokonza shooyo anali atazemba kalekale ndi ndalama za pageti, foni yozimitsa.

Ndinakawapeza kuseri kwa siteji akuwotha moto wa makatoni ndi alonda, chichokereni kwawo m'mawa osadya, ya thiransipoti alibe, wamng'onoyo atakumbatira banjo yake ngati mwana. Ndinawagulira tchipisi cha pachiwaya chozizira kale, iwo nkundiimbira nyimbo ziwiri pomwepo popanda maiki, alonda akuwomba m'manja. Bambo wokonza shoo uja mpaka pano ndimaona akumata mapositala ena m'mitengo, manyazi alibe, mbava yovala suti, ndipo anthu mukumamulaikira zinthu zake mugulu momwe muno.

Ndiye ine ndingoti musataye bandulo yanu yonse, dzina kukhala pa positala sikuti akaimba. Koma asakeni ndithu, mverani nyimbo zawo, chifukwa ndikanapanda kutero anyamata aja sindikanawadziwa. Alembereni ku inbox eni akewo muwafunse ngati alandirako kadipoziti komanso akwera nthawi yanji, amayankha, sanayambe matama. Mukafuna zatsopano zambiri pamalo amodzi dikirani chikondwerero cha Tumaini ku Dzaleka, anayamba 2014 ndipo kulowa ndi ulere. Pa shoo yanuyo mukafike dzuwa likadalipo poti osatchuka amawaika koyambirira anthu asanadzadze, ngakhale anga aja anawaponya pakati pa usiku. Jekete yolemera musaiwale, ndi ya kabaza yobwerera muyiike thumba lina.