Mutu wodulira mbale sufuna sipika yamphamvu, ufuna yopepuka

Achimwene, mwafunsa ngati masipika awiri a m'galimoto a mainchesi 6 angagwire ntchito ngati ma driver (zogwedeza singano) a mutu wodulira mizere ya nyimbo pa mbale za galamafoni, komanso ngati turntable (chozungulitsa mbale) yanu ya Technics SL-1200 ingakwanitse. Technics-yo isungeni bwino, mota yake imakoka mokwanira pa mbale za pulasitiki. Koma masipikawo abwezereni m'galimoto.

Mzere wa pa mbale ndi wopyapyala ngati tsitsi, mamaikuloni 50 mpaka 80 m'lifupi, ndipo polemba mawu osongoka ngati a chisekese singano imapita uku ndi uku maulendo 10,000 pa sekondi imodzi. Chinthu cholemera sichingatembenuke msanga chotero. Koyilo ndi pepala la sipika ya mainchesi 6 zimapitirira magalamu 10, pomwe inu mukufuna kuti zonse zogwedezeka, koyilo, kandodo ndi singano yomwe, zikhale galamu imodzi kapena awiri. Mukaumirira sipika yaikulu mbale idzaimba ndithu, koma ngati wailesi yofunditsidwa bulangete.

Ena akuuzani kuti ndiye mutenge twita, kasipika ka mawu okwera. Twita ndi yopepuka, inde, koma imasuntha pang'ono zedi ndipo waya wa koyilo yake ndi woonda. Besi ikangolowa, yapsa. Timatwita ta piezo totchipa tija ndiye musataye nato nthawi. Zimene zimagwira bwino zili pakatikati: ma exciter (masipika opanda pepala) ang'onoang'ono okhala ngati ndalama yachitsulo, a koyilo ya mamilimita 19 mpaka 25, a 4 kapena 8 ohm, monga amene amapanga a Dayton Audio ndi a Visaton. Amenewa ndi oitanitsa kunja. Podikirira, zungulirani kwa okonza mawailesi mumsika wa ku Area 2 ku Lilongwe mufunse ma Bluetooth speaker akufa. M'kati mwake mumakhala timasipika ta mainchesi 2 ta maginito amphamvu a neodymium, ndipo nthawi zambiri chomwe chinafa ndi batire, osati sipika. Tengani tiwiri ta m'bokosi limodzi, mutiyeze ndi multimeter. Ma ohm akasiyana kwambiri, mbali imodzi ya nyimbo idzamveka mokweza kuposa inzake.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi polumikiza driver ndi singano. Musamate kandodo pa kachipewa ka pakati pa sipika, chifukwa kamapindika nkumeza mawu onse okwera. Pangani kanu ka aluminiyamu yopyapyala, kosongoka ngati fanulo, mukamate m'mphepete mwenimweni mwa koyilo. Pansonga pake ndi pomwe pachokere kandodo kopita ku chogwirira singano. Kandodoka kakhale kafupi, kouma ndi kopepuka. Singano yonenepa ya jakisoni imachita bwino poti ndi chitsulo chobooka m'kati. Matani ndi epoxy yosakaniza ija. Guluu wotenthetsa ndi wofewa, ndipo super glue amang'aluka akagwedezedwa kwa nthawi.

Pa stereo, ma driver awiri amaima ngati chilembo cha V, aliyense wapendekeka madigiri 45, njira imene Alan Blumlein anaikonza mu 1931. Apa pali kamsampha. Mawu ofanana mbali zonse ziwiri ayenera kusuntha singano cham'mbali, osati kuikweza ndi kuitsitsa, choncho driver mmodzi akamakankha mnzake azikoka. Tembenuzani mawaya a mmodzi. Yesani ndi batire la AA: gunditsani kwa onse awiri pamodzi, maso ali pa nsonga ya singano. Ikapita kumbali, zili bwino. Ikapita pansi kapena m'mwamba, besi idzakumba mzere kenako nkutulutsa singano kunja. Ine ndikanati muyambe ndi mono, driver mmodzi wogona chopingasa. Mavuto amachepa ndi theka, ndipo muphunzira zomwezo.

Tsono kutentha, komwe kumapha ma driver ambiri. Mbale iliyonse imadulidwa motsata muyezo wa RIAA wa mu 1954: besi imatsitsidwa pafupifupi 20 dB pa 20 Hz, mawu okwera amakwezedwa pafupifupi 14 dB pa 10 kHz. Kukweza 14 dB ndiye kuti koyilo ikulandira mphamvu yowirikiza koposa ka 20. Pamwamba pa apo, mutu wanu uli ndi malo amene umagwedezeka wokha mopitirira, kawirikawiri chapafupi ndi 1 kapena 2 kHz, ndipo kupitirira pamenepo umayamba ulesi, mukufunika kukwezanso. N'chifukwa chake mutu wa akatswiri wa Neumann SX74 umazizitsidwa ndi mpweya wa helium. Inu helium mulibe, ndiye ikani fyuzi yofulumira kupsa ya 500 mA pa waya wa driver aliyense, muzikweza kufika 1 A pokhapokha mwaona kuti koyilo siikutentha. Mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, pa Filter Curve EQ (pokwezera ndi kutsitsira mawu otsika ndi okwera), pali RIAA yokonzeratu. Dinani Invert kuti ikhale yodulira. Dulani zonse za pansi pa 40 Hz ndi za pamwamba pa 12 kHz, besi ya pansi pa 200 Hz muiike mono, ndipo mawu a "s" a woimba muwafewetse. Kenako dulani pink noise, phokoso loyesera lokhala ndi mawu onse otsika ndi okwera, kwa mphindi imodzi, muiseweretse nkuijambulira mu kompyuta, muone pomwe patukuka ndi pomwe palowa. Konzani EQ, dulaninso. Maulendo anayi kapena asanu musanayembekezere zokoma.

Koma musanagule driver ndi mmodzi yemwe, dulani kaye mzere wopanda nyimbo. Mukauseweretsa ndipo mukumva kulira kwa mota kapena kugunda, vuto lili pa makina, ndipo palibe driver amene angalichotse. Mlatho wonyamula mutu ukhale wolemera, wa chitsulo chokhuthala. Owotcherera a ku Biwi angakupangireni, koma muwauze kuti kuwotcherera kumapinda chitsulo, ndiye pokhala njanji pamangidwe ndi mabawuti, muzitha kuwongola. Tizitsulo tofunika muyezo weniweni kasulitseni ku ma workshop a ku Kanengo. Makina onse akhale pa silabu ya simenti, osati pa tebulo la matabwa.

Choyendetsa mutu chabwino ndi njanji ndi chitsulo chamazinga cha T8 za mu 3D printer. Chitsulo chamazinga cha m'sitolo za hardware za ku Malangalanga chimakhala chokhota pang'ono, ndipo kukhotako kumaoneka pa mbale, mizere ina yothinana ina yotalikirana. Masamu ake ndi awa: mizere 120 pa inchi ndiye kuti mutu usuntha mamilimita 0.21 mbale ikazungulira kamodzi, kapena mamilimita 7 pa mphindi pa liwiro la maulendo 33⅓ pa mphindi. T8 yoyenda mamilimita 2 ikazungulira kamodzi iyenera kuzungulira katatu ndi theka pa mphindi. Mbale ya mainchesi 12 ili ndi malo pafupifupi mamilimita 86, ndiye mupeza mphindi 12 mbali imodzi. Mota ya stepper ya NEMA 17 ndi Arduino (kakompyuta koilamulira) zikwanira, bola muiyendetse ndi kachipangizo kosachita phokoso ka TMC2209, muilumikize ndi lamba wa labala, ndipo isakhudze mlatho. Magetsi athu mukuwadziwa. Akathima pakati pa nyimbo mbaleyo yatayika, choncho zonse zikhale pa inverter ya pure sine.

Pa mbale zenizenizo, za lacquer, zimene akatswiri amadulapo, ziiwaleni. Chiyambire pamene fakitale ya Apollo Masters ku California inapsa mu February 2020 zinasowa nkukwera mtengo, komanso nyenyeswa zake zimayaka ngati petulo. Yambani ndi pulasitiki ya polycarbonate ya mamilimita 1.5 kapena 2, bowo la pakati mamilimita 7.24. Pa iyi singano ya sapphire kapena tungsten siidula, imangodinda mzere, yopendekekera kumbuyo ngati ikukokedwa, ndiye sipafunika chopopera nyenyeswa. Perspex ya olemba zikwangwani imafanana nayo pamaso, koma imathetheka ndipo mzere wake umachita phokoso. Kulemera kwa mutu pa singano kuyezeni ndi kasikelo ka digito, muyambe pa magalamu 30 nkumawonjezera pang'onopang'ono mpaka singano yoseweretsera isiye kulumpha. M'miyezi yozizira ya June ndi July pulasitiki imauma, ifunditseni ndi babu mpaka ikhale yofunda m'dzanja. Fumbi la mu October lipukuteni musanatsitse singano, chifukwa kamchenga kamodzi kamabunthitsa nsonga. Poyeserera gwiritsani ntchito ma CD akale, nawonso ndi polycarbonate. Bowo lake ndi la mamilimita 15, ndiye musulitse kamphete kolichepetsa kuti CD ikhale pakati penipeni.