Funsani Dokotala: Bwanji akatswiri ogwetsana amafa asanakalambe?

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 19 amakonda kwambiri masewera ogwetsana a WWE. Panopa wayamba kupita ku jimu ndipo mnzake wamuuza za majakisoni okulitsa minofu. Ndikamuletsa amandiyankha kuti akatswiri a pa TV aja amabaya koma ali bwinobwino. Ine ndinamva kuti ambiri mwa iwo amafa akadali anyamata. Kodi n'zoona? Nanga chimawapha n'chiyani, poti akuti ndewu zawo ndi sewero chabe? Mayi wodandaula, Zomba.

Yankho: Mayi, zimene munamvazo n'zoona, ndipo mwachita bwino kufunsa msanga.

Wopambana amakhala atasankhidwiratu, koma kugwa kuja n'kwenikweni. Tangoganizani munthu wolemera makilogalamu oposa 100 akumenyetsedwa pansi chagada usiku uno, mawa lake ali mumzinda wina kukachita zomwezo. Thupi lingachire nthawi yanji? Makamaka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, wovulala akakhala pakhomo ankataya ndalama ndi malo ake omwe, choncho ambiri ankangolimbira mankhwala amphamvu opha ululu, ogonetsa ndi mowa. Kuti aoneke adzitho, ankabayanso ma steroid, omwe ndi majakisoni amene mwana wanu akuuzidwawo.

Chimene anyamata sadziwa n'chakuti mtima nawonso ndi mnofu. Mankhwalawa sasankha kuti akulitse mikono yokha. Khoma la mtima limanenepa n'kuuma, magazi amayamba kuthamanga, mafuta oipa amachuluka m'magazi n'kumatseka mitsempha yodyetsa mtimawo. Kunja munthu akuoneka chimphona, mkati mtima ngwa nkhalamba.

Muuzeni za Eddie Guerrero. Anatenga lamba wamkulu wa WWE mu 2004, ndipo pa 13 November 2005 anamupeza atagwa m'chipinda cha hotela mumzinda wa Minneapolis ku America, ali ndi zaka 38 zokha. Atamupima anapeza mtima wokula mopitirira ndi mitsempha yothina. Chimene chimandiwawa ine pa nkhani yake n'chakuti anali atalimbana ndi mowa ndi mankhwala osokoneza bongo mpaka kuzisiya, moyo wake utayamba kulongosoka, koma mtima unali utawonongeka kale. Davey Boy Smith, amene ankatchuka ndi dzina lakuti British Bulldog, anamwaliranso ndi mtima mu 2002 ali ndi zaka 39.

Palinso nkhani ya ubongo. Mu June 2007 katswiri wina wa WWE, Chris Benoit, anapha mkazi wake ndi mwana wake, kenako n'kudzipha, ali ndi zaka 40. Madokotala atayeza ubongo wake anapeza matenda a CTE, obwera chifukwa chomenyedwa m'mutu mobwerezabwereza. Sitinganene kuti matendawa okha ndiwo anamuchititsa zoopsazi, koma amasokoneza maganizo ndi khalidwe. Imfa zina zinali ngozi chabe, monga ya Owen Hart amene anagwa kuchokera kudenga la bwalo ku Kansas City mu 1999. WWE inayamba kuyeza osewera ake mwadongosolo ngati akugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa mu 2006, ndipo mu 2010 inaletsa kumenyana ndi mpando m'mutu.

Tibwerere kwa mwana wanu. Musamuletse jimu, poti kunyamula zitsulo n'kwabwino. Mazira, nyemba, soya, usipa, mtedza ndi tulo tokwanira zimamanga thupi, kungoti pang'onopang'ono. Za mtima mwina sangazimve, paja mnyamata wa zaka 19 saganiza za imfa, ndiye muuzeni zapafupi: ma steroid amachepetsa machende ndi mbewu ya abambo moti ena amavutika kubereka, ndiponso amameretsa mabere. Kubwerekana jakisoni kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C.

Mukaona ziphuphu zambiri kumsana, thupi likukula mofulumira m'masabata ochepa, kapena wayamba kupsa mtima ndi zazing'ono, mwina wayamba kale. Musamukalipire. Pitani naye kuchipatala akamuyeze BP, chiwindi ndi mtima, ndipo atenge botolo la mankhwalawo adokotala akalione. Asiye mothandizidwa ndi achipatala, chifukwa posiya ena amafooka ndi kukhumudwa kwambiri kwa miyezi ingapo, ndipo nthawi imeneyo adzafuna inu pafupi.