Permanganate ati ndi ya makolo? Ayi mwana wanga

Imelo ya mtsikana wina amene akupanga masitazi kuno ku Lusaka yandikhudza kwambiri. Akufuna kudziwa mmene kerogen, zotsalira za zamoyo zakalekale za mu oil shale (mwala wotulutsa mafuta ukautenthetsa), anamangikira pogwiritsa ntchito potassium permanganate, mankhwala a mtundu wa pepo odula mamolekyu, koma anzake akumuseka ati njira ya makolo, angopita pa NMR, makina oyezera mamolekyu ndi maginito.

Mwana wanga, mawu amenewo anandilasapo ine. Ndinkagwira mu labu ina, GC-MS (makina olekanitsa ndi kuzindikira mamolekyu) itafa sipeya kulibe, malaiti nawo akuzima pomwe afunira, ndiye mlendo wina anangosuzumira mafulasiki anga a pepo nkunena kuti ndikuwononga nthawi, mpaka lero zimandiwawabe chifukwa munthuyo anali asanagwirepo kerogen ndi manja ake.

Kerogen sasungunuka mu solvent, madzi osungunulira zinthu mu labu, vuto lonse lagona pamenepo. Umayamba wachotsa mwala, acid wa HCl adye miyala ya carbonate, acid woopsa wa HF adye ya silicate, pyrite (mwala wa chitsulo ndi sulphur) yekha amakakamirabe. Chotsala ndi ufa woderapo, ndipo kuti udziwe zamkati mwake uyenera kuudula tizidutswa. Permanganate wa mu alkali (madzi otsutsana ndi acid) amadula nkutulutsa tizidutswa totchedwa ma carboxylic acid. Shale ya Green River ku Colorado, Utah ndi Wyoming ku America imapereka kwambiri ma acid a tcheni chowongoka cha ma carbon poti inachokera ku ndere za m'nyanja zakalekale, pomwe malasha, monga athu a ku Maamba aja, amatulutsa ma benzene carboxylic acid ambiri. NMR ikuuza kuchuluka kwa aliphatic (carbon wa m'tcheni) ndi aromatic (carbon wa m'ringi ngati benzene), inde, koma kutalika kwa tcheni chilichonse sikuuza bwino. Wasayansi Vitorović ndi anzake ku Belgrade, ku Serbia, anagwira shale ya ku Aleksinac m'dziko lomwelo ndi njira yomweyi kwa zaka zambiri, ndani anawaseka?

Zimandinyansa kuti ana athu akuphunzitsidwa kuti sayansi ndi makina odula basi. Ayi ndithu.

Zoti uchite

Usathire permanganate yense kamodzi, ukatero upeza CO2 ndi oxalic acid basi, ngati wawotcha nyumba pofuna kuwerenga mapaso. Thira pang'ono pang'ono, pepo uja akangozimirira nkutsala matope abulauni a MnO2, sefa, chotsa ma acid, bwerezanso. Ma acidwo uwasandutse ma methyl ester, mtundu wawo wosavuta kusanduka nthunzi, usanapite nawo pa GC-MS. Ndipo chonde HF usamugwire uli wekha mu labu, calcium gluconate gel, mankhwala opaka HF akakugwera pakhungu, akhale pafupi.