Digiri imene munaisiya panjira: muitchule kapena muibise?

Imelo ya sabata ino yandilasa pamtima. Mayi wina analekeza digiri ya zamalamulo ali chaka chachitatu, patapita zaka anamaliza ina ya zauphunzitsi kuyunivesite ina, ndipo tsopano akufuna masitazi. Akufunsa ngati yoyambayo aitchule pafomu kapena angokhala chete.

Achemwali, nkhani yanuyi ndi yanganso. Ine ndinalekeza digiri ya sayansi bambo atadwala, fizi n'kusowa. Sindinawidedwe ayi, koma pepala silinena zimenezo. Semesita yomaliza ndinangosiya kulowa m'kalasi, mayeso osalemba, ndiye transikiripiti, pepala losonyeza magiredi onse amene munthu anapeza pasukulu, inadzaza ndi ma F ngati kuti ndinali mbuli yotheratu. Nditamaliza digiri ina n'kuyamba kufunsira masitazi, yunivesite yakaleyo inakana kundipatsa pepalalo mpaka nditabweza ngongole yonse ya fizi. Ofesi iyi imanditumiza ku ofesi iyo, iyonso n'kundibweza. Mlembi wina anachita kudabwa kuti ndikulimbikiranji pepala londichititsa manyazi.

Ndipo pamenepa ndinene mosapsatira: kugwira transikiripiti ya munthu chifukwa cha ngongole ndi nkhanza. Munthu wasiya sukulu chifukwa chosowa ndalama, inu n'kumutsekera pepala limene likanamuthandiza kupeza ntchito yoti abwezere ndalamazo. Nzeru zake zili pati? Ku California anaziletsa zimenezi ndi lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo mayunivesite akumeneko sanagwe. Chinanso chimene chimandinyansa ndi maganizo oti wosiya sukulu ndi waulesi. Anzanga amene analekeza, wina inali mimba, wina matenda, wina anasankhiridwa kosi ndi makolo. Waulesi sindikumukumbukira.

Komabe a komiti yosankha ophunzira si adani anu monga mukuganizira. Ku America mafomu ambiri amafuna transikiripiti ya koleji iliyonse imene munalembetsako, ngakhale munangokhalako semesita imodzi. GPA, yomwe ndi avereji ya magiredi onse, nthawi zambiri amafuna isachepere 3.0 pa 4.0, koma masukulu ena amangowerengera makirediti 60 omalizira (makirediti ndi mapointi oyezera kuchuluka kwa maphunziro amene mwachita), ndiye zakalezo sizilemera kwenikweni. Ku Britain amayang'ana kwambiri kalasi ya digiri imene munamaliza, kawirikawiri 2:1 (kalasi yachiwiri yapamwamba), kwina 2:2 (yachiwiri yapansi). Choopsa chenicheni ndi kubisa. Pansi pa fomu mumasainira kuti zonse mwalemba n'zoona, ndipo akadzatulukira kuti munadumpha sukulu ina akhoza kukulandani malo, ngakhale mutayamba kale maphunziro. Ma F akale angakhululukidwe, bodza la chaka chino ayi.

Nanga amene sanamalize digiri iliyonse?

Apa ndiye pali phiri. Zaka zitatu za digiri ya zaka zinayi si digiri, ngakhale magiredi atakhala okongola bwanji. Ku Ulaya masitazi amafuna digiri yoyamba yathunthu, ya makirediti osachepera 180 pa muyezo wakumeneko wotchedwa ECTS. Khomo lina lilipo, loti amayeza zimene munthu waphunzira pantchito m'malo mwa pepala. Ku South Africa amalitcha RPL (Recognition of Prior Learning), koma ndi lopapatiza: ndondomeko ya 2016 ya Council on Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba kumeneko, imati olowera njira imeneyi asapitirire 10 pa ophunzira 100 aliwonse a kosiyo. Ine ndimati ngati kwatsala chaka chimodzi, bwererani mukamalize, musanachedwe, chifukwa mayunivesite ena salandira makirediti okalamba.

Tibwerere kwa inu achemwali, ndatalikitsa. Itchuleni. Itanitsani transikiripiti yakaleyo lero lomwe, poti imachedwa, ndipo ngati kuli ngongole kambiranani nawo zolipira pang'onopang'ono. M'kalata yofunsira malo fotokozani chifukwa chimene munasiyira m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, osadandaula, osapepesa, kenako kambani za digiri imene munamaliza. Kalata yokuchitirani umboni ichokere kwa mphunzitsi wa kuyunivesite yachiwiriyo.