Kodi amene akuwononga nyengo ndi amuna anga ootcha makala?

FUNSO: Amuna anga amaotcha makala n'kumakagulitsa panjinga ku Lunzu. Ufa, sopo ndi makope a ana timagulira makalawo. Mwezi watha anawalanda matumba awiri pa rodibuloko, ndipo pawailesi akumanena kuti ootcha makala ndiwo akuitana anamondwe. Mwana wathu wa Fomu 3 akuti olakwa ndi mayiko olemera. Timve ziti?
Mayi wa ana anayi, Neno

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo akunena zoona. Chikutenthetsa dziko kwambiri ndi mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, petulo, dizilo ndi gasi, zimene mayiko a mafakitale akhala akuotcha kwa zaka zoposa 150. Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14 a mpweyawu pachaka, pomwe Mmalawi safika n'komwe pa theka la tani imodzi. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu February 2023, nadutsa nyanja yonse ya India asanatipeze mu March. Uvuni wa ku Neno sunamuitane.

Chimandiwawa ndi nkhani ya ndalama. Mu 2009, pamsonkhano wa mayiko wa za nyengo ku Copenhagen, mayiko olemera analonjeza kuthandiza mayiko osauka ndi madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020 polimbana ndi kusintha kwa nyengo. Ndalamazo zinadzakwana mochedwa, ndipo zambiri zinabwera ngati ngongole, kutanthauza kuti wosaukayo abweze ndi chiwongoladzanja pa vuto limene sanayambitse. Thumba lolipira zoonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo mayiko analivomereza mu 2022 pamsonkhano wina ku Sharm el-Sheikh, ndipo ku Dubai mu 2023 malonjezo anangofika cha m'ma madola 700 miliyoni. Freddy yekha, m'Malawi mokha, anawononga zinthu zoposa madola 500 miliyoni.

Komabe sindingakusiyireni pamenepa, chifukwa kungakhale kukunamizani. Mitengo siletsa namondwe kubwera, koma mizu yake ndi imene imagwira dothi mvula ikakhuthuka. Amene anaona Chilobwe pambuyo pa Freddy sangaiwale: matope ndi miyala yaikulu zinatsika m'phiri la Soche, lomwe linali litameteka kale, n'kukwirira nyumba anthu ali m'kati. Kwanu komweko, dothi lokokoloka m'mapiri limatsika ndi Lisungwi ndi Wamkulumadzi kukalowa mu Shire, mtsinje umene umatipatsa magetsi ambiri. Matope akadzaza madamu, magetsi amachepa, ndipo mayi wa ku Ndirande amayatsa mbaula. Makala amakwera mtengo, mitengo ina imagwa. Munda woyamba kutha chonde ndi wanu.

Tsono ine sindivomereza kuti mlandu wonse uziunjikidwa pa munthu wa njinga. Mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makalawo amathera m'tauni, m'makomo a anthu a malipiro a pamwezi. Amene amadya phindu lenileni ndi eni malole odzaza matumba mpaka pamwamba. Amuna anu amagona pauvuni, amapuma utsi, amakankha njinga pazitunda, n'kulandira nyenyeswa.

Auzeni bambowo kuti lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo wopezeka ndi makala opanda chilolezo akhoza kulipitsidwa chindapusa chachikulu kapena kumangidwa. Makala ovomerezeka alipo, opangidwa ndi mitengo yodzala okha. Asonkhane ndi anzawo, akambirane ndi a mfumu za malo, kenako apite ngati gulu ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu kukafunsa za chilolezo ndi mbande. Nsungwi zimakula msanga ndipo zimatulutsa makala abwino. Zitsa za m'munda musazizule: siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba pachitsa chilichonse, zinazo muzisadza n'kuphikira. Kukhitchini yesani chitetezo mbaula, yadothi ija, pamodzi ndi mitengo ya nandolo mukakolola.